Ulemu kwa a Mphira

Kuno ku Mulanje Mission za ulemu timazidziwa. Tikangotsegula chitseko m'mawa phiri limakhala lili njo! kutsogolo kwathu, Sapitwa atabisala m'mitambo pa mamita 3,002, ndipo mu 2025 a UNESCO analilemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Zikomo kwa iwo. Koma ine lero ndikuwombera m'manja wina amene a UNESCO sanamumvepo: kachidutswa ka mphira kamene kamamanga chitseko cha mabatire pa kamera yanga.

A Mphira, landirani moni, inu akuluakulu! Munakulira m'tayala la njinga ya kabaza, mukupuma mpweya wa pampu, mukusenza anthu ndi matumba a chimanga pakati pa Chitakale ndi Nkhonya. Zigamba zitakuchulukirani anakutayani pansi pa mtengo wa mango, pomwe wokonza njinga anandidulirako chidutswa chanu osandilipiritsa ngakhale tambala. Mkungudza ndi mtengo wa fuko, inde, koma unayamba wagwirapo batire la munthu?

Anzanga akuti ndigule kamera yatsopano. Akuti za masiku ano, za Sony ndi Canon, zimalondola zokha diso la mbalame ili m'malere, n'kujambula zithunzi makumi awiri munthu asanaphethire kawiri. Mtengo wake amautchula m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndikamva mawu oti dola mano amandiyayamira ngati ndadya bwemba. A Mphira anaimva nkhaniyi ali phee, n'kungokoka chitseko chija mwamphamvu. Mlandu unathera pomwepo.

Ena amanyoza kuti kamera yangayi ndi yochedwa. Ansanje! Ndani m'boma lino ali ndi michira ya apusi a ku Likhubula yochuluka kuposa ine? Nkhope ya pusi aliyense angaijambule, koma mchira ukutuluka m'chithunzi umafuna luso. Ndilinso ndi zithunzi zingapo za thanthwe limene chinkhoma chinali chitaimapo posachedwa, ndipo thanthwelo linatuluka bwino kwambiri.

Nanga phiri lomweli silinatipatse nyama yogwirizana ndi a Mphira? M'nkhalango za ku Ruo muli bilimankhwe amene akatswiri amamutcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lobwereka kwa ife eni, nadzikambe. Msuweni wake amakhala pa mpanda wa kwathu. Uyu ndiye amene Chauta anamutuma uthenga wa moyo, buluzi n'kumupitirira panjira, ndipo mpaka lero sanaphunzire kufulumira. Amakweza mwendo, n'kudikira kuti ndimasule mphira, nditembenuze mabatire, ndimangenso, ndipukute galasi ndi malaya. Ndikamaliza, mwendo uja umakhala udakali m'mwamba. Kamera ya madola ingachite naye chiyani munthu woleza mtima chotere?

Chiperoni chikafika, zala zikuuma ndi chisanu, a Mphira sadandaula. Safuna magetsi, safuna intaneti, sanapemphepo tchuthi. Nkhawa yanga ndi imodzi yokha: mwana wa mlongo wanga wapeza kamtengo ka mphanda, ndipo kuyambira Lolemba wakhala akuwayang'ana a Mphira ndi diso la legeni. Usiku kamera ikugona kunsi kwa pilo.