Ine ndi Federer, Anthu Osadziwa Thukuta

Pakati pa ana onse a Adamu, amene analandira chilango chakuti azidya za thukuta lawo, ndikudziwapo awiri okha amene chilangocho chinawalambalala: woyamba ndiye Roger Federer, mwana wa mumzinda wa Basel ku Switzerland, wobadwa m'chaka cha 1981, amene anatchuka pa masewera a tenisi, wachiwiri ndine, mlembi wa mawu ano, ngakhale kuti mayi a kunyumba pamodzi ndi apongozi sanafikebe pozindikira ulemerero wa chinthu chimenechi.

Inu amene munamuonapo pa kanema mudzandichitira umboni, kuti pamene mdani wake Rafael Nadal ankabuula pomenya mpira uliwonse, malaya atanyoweratu ndi thukuta, Federer ankayenda pabwalo mwakachetechete, kansalu kali pamphumi, nkhope ili phee ngati mkulu wa mpingo wopita kukalandira chopereka. Ndipo mpira ukamdzera kumanzere, kumene anzake ambiri amagwira chomenyera ndi manja awiri, iye ankaubweza ndi dzanja limodzi lokha, linalo atalitambasulira kumbuyo mwaulemu. Ndi kufatsa kotereku anatenga zikho 20 za mipikisano ikuluikulu, mwa izo zisanu ndi zitatu za pa udzu wa ku Wimbledon kuyambira mu 2003, nakhala katswiri woyamba wa dziko lonse masabata 237 otsatizana. Akulu akale sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chiphunzitso chimenechi ndinachilandira ndi mtima wonse, ndipo dzinja litafika ndinapita nacho kumunda, kumene ndinayamba kupalira ndi dzanja limodzi, lina nditalitambasulira kumbuyo monga mwa mwambo wa mbuye wanga, ndikusamala kwambiri kuti dontho la thukuta lisadetse mphumi yanga. Mayi a kunyumba, atandipenyetsetsa kwa nthawi, anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi bambo, mzungu wanuyo nayenso mzere wake umathera pomwe wayambira?" Sindinawayankhe, pakuti Federer sankakangana ndi oonerera.

Mphwanga wina, amene sukulu yamuwononga, anayesa kundigwetsa mphwayi pondiuza kuti kufewa kumene tinkaona pa kanema kunali chipatso cha ntchito yowawa yochitikira kuseri, kuti munthuyu ankakadzizunza m'dzuwa lotentha la ku Dubai pokonzekera mipikisano, ndiponso kuti pa masewera oposa 1,500 amene anasewera sanasiyirepo ngakhale amodzi panjira chifukwa cha kutopa kapena kuvulala. Zimenezi ndinazimva ndi khutu limodzi. Koma pamene anawonjeza kuti ali mnyamata Federer anali wamtima wapachala, woponya chomenyera pansi zinthu zikamuvuta, mtima wanga unakondwera, pakuti m'mawa womwewo ndinali nditaponya khasu m'tchire, ndipo ndinazindikira kuti ndili pa chiyambi cha njira yomweyo.

Tsono munthu aliyense wamkulu Mulungu amamuikira munga m'thupi. Munga wa Federer unali Nadal, mnyamata wamanzere wa ku Mallorca, amene ankapota mpira kuti unjanje kufika m'phewa, nauponya dala kumanzere kuja, kumene dzanja limodzi limachepa mphamvu. Ndipo pa dothi lofiira la ku Paris anamgonjetsa m'ndime yomaliza mu 2006, 2007, 2008 ndi 2011. Chikho cha kumeneko Federer anachikhudza kamodzi kokha, mu 2009, pamene Robin Söderling wa ku Sweden anayamba wamchotsera Nadal panjira. Munga wanga ndiwo alamu anga, amene munda wawo unachita malire ndi wathu, munthu wolawirira nkhuku zisanatsike, wogwira khasu ndi manja awiri mopanda luso lililonse, wobuula pa chikhapo chilichonse, amene nkhokwe yawo imadzaza chaka ndi chaka popanda manyazi. Inenso 2009 wanga ndinamuona: ndicho chaka chimene alamuwo anapita ku Joni, munda wawo n'kugonera, ndipo m'mudzi monse munalibe wokana kuti pa minda iwiriyo wanga ndiwo unabereka.

Federer anafika kuno ku Malawi mu 2015 kudzaona sukulu za mkombaphala zimene bungwe lake linkathandiza, koma sanapatukire kwathu; sindinamsungire chakukhosi, podziwa kuti akatswiri awiri sakhalitsana malo amodzi. Chimene chinandikhudza ndicho kutsanzika kwake posiya masewerawa ku London mu 2022, pamene atasewera mbali imodzi ndi Nadal, awiriwo anakhala pampando atagwirana manja, misozi ili mbwembwembwe. Madzulo ake ndinapita kwa alamu, ndinakhala nawo pakhonde, ndi kuwatambasulira dzanja kuti nafenso tilire pamodzi monga adani olemekezana. Koma iwo, atayang'ana dzanjalo napeza kuti mulibe kanthu, anandifunsa za thumba la chimanga limene ndinabwereka m'mwezi wa Febuluwale.