Ndinavinitsa anthu ali ndi zovuta

Chakumapeto kwa 2022, pamene mafuta anasowa ndipo madalaivala ankagona pa mizere m'mafilingi siteshoni a mu Lilongwe, ndinkatsogolera gulu la matamando pa mpingo wina wa chipentekoste wosonkhana mu holo ya lendi ku Area 12. Kwathu ndi ku Biwi. Amene anakonza mzinda uno, likulu lisanachoke ku Zomba mu 1975, anamwaza ma Area motalikirana kwambiri. Kuchokera ku depoti ya ku Old Town kufika ku City Centre ndi ulendo ndithu, ndipo m'misewu ya mipanda ya njerwa ya ku Area 10 ndi 12 minibasi imasowa Lamulungu ngakhale mafuta alipo.

Lamulungu lina ndinaima pa depoti mpaka dzuwa linakwera. Minibasi inanditula ku City Centre, kotsalako ndinakwera kabaza. Foni inali itathima popeza magetsi kwathu anazima usiku wonse, choncho uthenga umene unayenda pa WhatsApp ya mpingo sunandipeze. Ndinafika zolengeza zitatha.

Pakhomo mkulu wa mpingo anandikodola. Ndinkayesa akufuna kundidzudzula za kuchedwa, ndiye ndinangowerama n'kudutsa. Za mafuta ndi magetsi sindikanachitira mwina, koma apa ndinalakwa ndekha.

Ndinatenga maikolofoni n'kuuza mnyamata wa kiyibodi kuti aike kothamanga. Anapukusa mutu, ine n'kuganiza kuti akudandaula za kiyi. Ndinayambitsa kolasi ija yovinira, imene amayi amakupiza nayo mipango n'kuimba nthungululu. Anthu anaimirira mwaulemu chabe, m'manja akuwomba mozizira, ena atazyolika. M'malo mofunsa, ndinawakalipira.

"Kodi lero mwatani? Amene wadzuka wamoyo akuwe!"

Kenaka ndinatsika, ndinagwira dzanja la bambo wina wachilendo amene anakhala kutsogolo, n'kumukoka. "Achimwene, tavinani, Mulungu wakusungani!"

Abusa anabwera n'kundigwira paphewa. "Achimwene, taimani kaye. Tili ndi zovuta."

Mayi amene ankaphunzitsa Sande sukulu anali atamwalira pa ngozi usiku wa Loweruka pa msewu wa ku Mchinji. Bambo ndinawakokawo anali mlongo wawo, anabwera kudzadziwitsa mpingo. Anthu anangosonkhana kuti apemphere pang'ono asanapite kusiwa.

Ife a matamando timakumana Loweruka kuyeserera makiyi ndi ndondomeko: zothamanga poyamba, zodekha za kupembedza pambuyo, monga timaonera pa YouTube kwa oimba a ku Nigeria ndi ku South Africa. Zimenezi ndimazikondabe, ndipo zadalitsa anthu ambiri. Koma palibe Loweruka limene tinakhalapo pansi kufunsana kuti mu mpingo muno akudwala ndani, waferedwa ndani, ntchito yathera ndani. Ku CCAP ya Sinodi ya Nkhoma kumene ndinakulira, akulu a mpingo ankayamba akumana mu vesitile, ndipo polengeza nambala ya m'buku la Nyimbo za Mulungu amakhala akudziwa kale zimene zagwa m'mudzi. Ndili mnyamata ndinkaona ngati kumeneko n'kuchedwetsa mapemphero.

Usiku umenewo ndinapita kusiwa. Amayi anachezera kuimba nyimbo za m'buku, opanda kiyibodi, opanda wowauza kuti akweze mawu. Ndinadikira mpaka anthu atachepa pamoto, ndinakanjuta pafupi ndi bambo aja n'kupepesa.

Anakhala chete kanthawi. "Dzanja silinandipweteke, achimwene. Koma mawu aja a kudzuka wamoyo, ana ake anali atakhala pambuyo panga."

Ndinalibe choyankha. M'mawa mwake ndinapempha abusa kuti ndiyambe ndapuma pa zotsogolera nyimbo. Anavomera, koma anati Lachiwiri ndisajombe ku manda a ku Area 18, ndikanyamule nawo bokosi pamodzi ndi amuna anzanga. Ndinapita ndipo ndinanyamula.