Kodi zilembo nazo zili ndi kwawo?

Tsiku lina ndikudikira minibasi ya ku Dwangwa pa msewu wa M5, pa boma la Nkhotakota, maso anga anakodwa pa chikwangwani. Zilembo zake zinali zosalala, zopanda timichira tija timaona m'Baibulo ndi m'nyuzipepala. Kodi michirayo anaidula ndani? Nanga anaidula chifukwa chiyani?

Ndinakafunsa mdzukulu wanga, yemwe amasindikiza makadi a ukwati pa kompyuta. "Agogo, zimenezo amati sans-serif," anatero. "Amafuna dalaivala aziwerenga msanga galimoto ili pa liwiro." Kenaka anandionetsa mtundu wina wotchedwa Futura, umene anajambula Paul Renner wa ku Germany ndipo unatuluka mu 1927. O wake ndi wozungulira ngati mkombero wa lichero, A wake wosongoka ngati denga la nkhokwe, moti ungati mwiniwake anangogwira kampasi ndi rula basi. Chikwangwani chimene a Apollo 11 anasiya pa mwezi mu 1969 chinalembedwa ndi zilembo zomwezi.

Chimene chinandikondweretsa ndi a wamng'ono: kamimba kozungulira ndi kandodo pambali, ndendende momwe aphunzitsi amalembera pa bolodi mu Sitandade 1. Nanga mabuku ambiri amaikiranji a wa chisoti uja, amene mwana sanaphunzire kumulemba?

Ndinapempha mdzukulu uja alembe dzina la sitima yathu, Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Apa ndinadabwa. I wamkulu ndi l wamng'ono anangoima moyandikana ngati timitengo tiwiri, kusiyana msinkhu pang'ono chabe. Ife a kunyanja dzinali timaliwerenga ndi mtima. Nanga mwana amene wangoyamba kulumikiza zilembo adziwa bwanji kuti woyambayo ndi ndani? Kodi kukongola kukasokoneza wowerenga, kumakhala kukadali kukongola?

Mdzukuluyo akuti zilembo zotere amazikonda chifukwa sizikondera, sizinunkha kwawo. Zimakwana pa botolo la mankhwala, pa fomu ya ku banki, pa foni. Ndinati chabwino, tilembe Malaŵi monga tinkalembera ife kusukulu, w atavala kachipewa kake. Tinayesa mitundu ingapo. Ina inatulutsa ŵ bwinobwino, ina inabwereka kwa mtundu wina moti anaoneka mlendo pakati pa anzake, ndipo wina unangoika kabokosi. Chilembochi sitili nacho tokha, anthu a ku Wales nawonso amachilemba. Tsono ngati zilembo zilibe kwawo, bwanji zina zikulephera kulemba dzina la kwathu? Amene anazijambula ankaganizira pakamwa pa ndani?

Madzulo ndinatsikira kudooko kumene asodzi amakocheza. Maina a maboti analembedwa ndi burashi, chilembo china chonenepa, china chopendekeka, chomaliza chopanikizika chifukwa thabwa linatha. Komabe amayi ogula usipa amazindikira boti lawo likadali patali. Kodi akuwerenga dzinalo, kapena dzanja la amene analemba?

Zilembo zosalala ndimazifuna pa msewu ndi pa mankhwala, pamene kulakwitsa kungapweteke munthu. Koma inu osindikiza mabuku ndi zikwangwani, musanasankhe mtundu wa zilembo, yambani mwalemba Ilala, Malaŵi ndi ng'ombe, mumupatse mwana wa Sitandade 2 awerenge.