Pulogalamu ya banki m'khonde

Chaka chatha a banki m'khonde yathu anandisankha kukhala mlembi, chifukwa ndimavala magalasi. Kope lathu litanyowa ndi mvula, ndinalengeza kuti zolemba pamanja zatha, tikufunika pulogalamu ya pafoni. Ndinaitana mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira zamakompyuta.

"Amalume, izichita chiyani? Nanga ndi ziti zomwe isamachite?"

Funso lachiwirilo linandinyansa. Munthu pogula mbuzi amafunsa zomwe sidzadya? Ndinamuyankha kuti izingolemba amene wasonkha ndi amene wakongola, basi. Atati tilembe zimenezo papepala tisainirane, ndinamukumbutsa amene ankamugulira matewera.

Lamlungu lotsatira gulu linamva nkhaniyo. Atcheya anati izilandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Asungichuma anati izidzutsa angongole mbandakucha. Mayi wina anati iziwerengeranso zachipepeso pamaliro. Ine, poona kuti khomo latseguka, ndinawonjezerapo zotsatira za mpira. Zonsezi ndinkamutumizira mnyamatayo pa WhatsApp, chilichonse ndi mawu oti "kanthu kakang'ono kokha". Zoti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada ndinkazidziwa, koma ndinkayesa pusiyo ndi atcheya.

Mphwanga anandikhazika pansi n'kundiuza za bwalo la ndege la Denver ku America. Linkayenera kutsegulidwa mu Okutobala 1993. Akuluakulu anafuna kuti kompyuta iziyendetsa katundu wa bwalo lonse, nthawi ili yochepa, makampani a ndege akungosinthasintha zofuna zawo. Poonetsa atolankhani mu 1994, makinawo anang'amba masutikesi, zovala zili mbwee. Bwalolo linatsegulidwa mu Febuluwale 1995, patadutsa miyezi 16, ndipo mu 2005 makinawo anawasiyiratu. Kunena zoona, ndinamva kukoma kuti mavuto anga akufanana ndi a ku America.

Kenako anafunsa funso lomwe tinalidumpha tsiku loyamba: "Mwa anthu 18 a m'gulumo, ali ndi foni za intaneti ndi angati?"

Ndinawerenga ndi zala. Ine, atcheya, ndi gogo wina amene foni yake imasungidwa ndi mdzukulu. Ena onse ndi a foni za mabatani.

"Nanga ndalama ya ntchitoyi ilipo ingati?"

Ndinamuuza za tambala amene gulu linalonjeza.

Tinagula kope latsopano lachikuto cholimba, ndipo timalisunga m'jumbo. Mlongo wanga akuti mnyamatayo anasintha nambala.