Za Kamakina Kokumbutsa Munthu Zimene Anafuna Kuiwala

Chiyambire pamene Namalenga anaika dzuwa ndi mwezi kuti zilekanitse masiku, ana a anthu akhala akufunafuna kosungira zinthu zimene mutu ukana kusunga. Pakuti makolo athu, akapangana kukumana patapita masiku akutiakuti, ankamanga mfundo pa chingwe namasula imodzi m'mawa uliwonse, ndipo atate athu a m'maofesi ankayenda ndi kabuku ka dayale m'thumba la jekete, kamene ankalembamo mwakhama mwezi wonse wa Januwale, nakasiya mbee kuyambira Febuluwale kufikira Khirisimasi. Koma m'badwo uno, umene sukhutira ndi chingwe kapena pepala, watulukira kakompyuta ka m'manja, kokwana m'thumba la malaya, kamene kasunga maina a anthu, manambala a telefoni ndi masiku a misonkhano, ndipo nthawi ikakwana kamalira kuti mwini wake anyamuke.

Ine mtumiki wanu, amene udindo wanga waukulu pansi pano ndi ulembi wa komiti ya maliro m'dera lathu, ndinakaona kamakinaka m'manja mwa bwana wina, amene atafunsidwa ngati adzapezeka Lachisanu, sanayankhe msanga monga tichitira ife anthu wamba, koma anakasolola pang'onopang'ono, nakagogoda ndi kandodo, nakwinya nkhope, nanena kuti Lachisanu ladzaza. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti ulemu wa munthu ukula molingana ndi nthawi imene asunga anzake akudikira yankho lake. Ndipo popeza safunsa anadya phula, ndinalembera kalata mwana wa mlongo wanga amene agwira ntchito ku Johannesburg, kumpempha andiuze kamene munthu wa malipiro ngati anga angagule osagona ndi njala.

Mnyamatayo, pokhala wophunzira, anayankha ndi mndandanda wa mibadwo ya timakinati wautali ngati wa ana a Nowa. Anati m'chaka cha 1984 kampani ya Psion ya ku London inatulutsa Organiser. M'chaka cha 1993 Apple inatulutsa Newton pa mtengo wa madola 699, kamene kanalonjeza kuwerenga dzanja la munthu koma kanatchuka ndi kuwerenga zimene munthuyo sanalembe, mpaka kanalekedwa mu 1998. M'chaka cha 1996 kunadza Pilot wa kampani ya Palm pa madola 299, wosunga maina 500. Ndipo m'chaka cha 2000 Compaq inabala iPAQ, wa galasi la mitundumitundu, woimba ndi nyimbo zomwe, pa madola pafupifupi 500. Pa dzina lililonse mtima wanga unkadumpha, ndipo pa mtengo uliwonse unkakhalanso pansi, kufikira ndinakumbukira kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kumapeto kwa kalatayo analemba kuti, “Atsibweni, kokuyenerani inu ndi Zire, kamene Palm yatulutsa mu 2002 pa madola 99, pakuti anakapangira anthu amene sanagwirepo chinthu chotere.” Ndinamvetsa bwino lomwe chimene mwanayo anatanthauza, ndipo ndinamkhululukira chifukwa cha amake.

Komatu chotsika mtengo chidza ndi malamulo ake. Zire alibe nyali m'galasi mwake, kotero kuti magetsi akathima, munthu ayenera kuyatsa koloboyi kuti awerenge chida cha makono. Chachiwiri, timakina ta Palm sitiphunzira dzanja la mwini wake, koma mwini wake ndiye aphunzira dzanja la makina, lotchedwa Graffiti, mmene zilembo zambiri zilembedwa osanyamula kandodo, ndipo A alibe mzere wa pakati, angoima ngati denga la nkhokwe lopanda nkhokwe yake. Tero ine, amene ndinadya zikoti za aphunzitsi kuti ndidziwe kuika mzere umenewo, ndiyenera paukalamba wanga kuphunzira kuusiya. Chachitatu, batire likatheratu nakhala kosatchaja, kamakinako kamaiwala zonse, pokhapokha mwini wake atazisungiratu pa kompyuta yaikulu kudzera pa chingwe. Ndipo kompyuta imene ine ndiidziwa pafupi ili pa desiki ya munthu amene sandipatsa moni.

Zonsezi ndikanazipirira, chifukwa ulemu sugulidwa motchipa, chikhala kuti mayi a kunyumba, amene Mulungu anawapatsa mphatso ya mafunso aafupi, sanaike mbale ya nsima pansi nandiyang'ana. “Abambo,” anatero, “mwati kasunga maina zikwizikwi. Kodi inu mudzalembamo yani?” Ndinatenga pensulo kuti ndiwachititse manyazi, ndipo ndinayamba ndi eni nyumba imene tikhalamo, kenaka mnyamata wa pa okala amene ali ndi tsamba langalanga m'kope lake, kenaka alamu anga amene anandibwereka ndalama ya feteleza chaka cha dzana, kenaka anzanga a chipereganyu, kenaka telala amene asunga thalauzi langa ngati chikole. Pamene ndinafika pa abusa, amene ndinawalonjeza thumba la simenti pamaso pa mpingo wonse, mayiwo anati, “Pitirizani, abambo, mwina kutsogoloko mupeza mmodzi amene ali ndi ngongole kwa inu.” Sindinampeze.

Pamenepo maso anga anatseguka, ndipo ndinaona choonadi chimene ogulitsa timakinati sachilemba pa bokosi, ndicho chakuti munthu wolemera akumbukira kuti alandire, koma wosauka aiwala kuti apume. Mawu awiri aja akuti “pepani, ndinaiwala,” amene alowa m'khutu la wokongoza mofatsa koposa akuti “ndilibe,” ndiwo chuma chokha chimene atate anga anandisiyira, ndipo andiombola m'masautso ambiri. Pakuti woiwala amdzudzula namsekerera, koma wokumbukira amene salipira amtcha tambwali. Tsono lingalirani, inu owerenga okondedwa, munthu wotulutsa madola 99, amene ayeneranso kuwakongola, kuti agule mboni yomtsutsa naiika m'thumba lake lomwe. Mboni yosagona, yosalandira chiphuphu, imene pa tsiku loyamba la mwezi, iye ali phee pa bawo pakati pa amuna anzake, idzalira kuti lendi yakwana. Ndipo alamu anga, amene aona patali, akadzangoona kandodo kaja m'manja mwanga, adzati, “Alamu, lembanimo pompano tsiku lobweza, ndikuona,” ndipo khomo lothawira lidzatsekeka kwamuyaya.

Ndikanataya mtima ndithu, pakadapanda nkhani ina imene mnyamata uja anaika m'munsi mwa kalata yake ngati yongocheza. Akuti Jeff Hawkins, amene anatulukira Pilot, asanapange kamakina kenikeni anasema kathabwa kofanana nako msinkhu, nayenda nako m'thumba la malaya, ndipo pofuna kupangana ndi munthu ankakatulutsa nagogodapo ndi kamtengo, monga ngati akuyang'ana masiku ake, kuti aone ngati chinthu chotere chidzakhala chothandiza. Azungu anzake anapitirira pamenepo naonjeza mawaya, mabatire ndi mtengo. Koma ine ndinena kuti nzeru yonse inali itakwanira pa kathabwapo.

Chifukwa chake ndasankha. Mmisiri wa matabwa wa kuseri kwa msika wandisemera kanga ka mlombwa, wakapaka polishi wakuda, nandisongolera kandodo ka nsungwi. Sikafuna kutchaja, kawerengeka mofanana usana ndi usiku, kalola A wa mzere wake, ndipo sikanalirepo pamaso pa anthu. Ku msonkhano wa komiti yathu, atcheya atandifunsa ngati ndidzapezeka Loweruka, ndinakasolola mosafulumira, ndinakabisa ndi chikhatho, ndinakwinya nkhope, ndipo ndinayankha kuti Loweruka ladzaza. Onse anagwedeza mitu mwaulemu. Mmisiriyo ndinamlonjeza kuti ndidzamlipira pakutha pa mwezi, ndipo kuti asade nkhawa, tsikulo ndinalilemba m'kamakina komweko iye akuona.