Gasiketi ya Jenuwini, Gasiketi ya Pamsika ndi Khonde la Eni Ake

Gasiketi ndi chinthu chopyapyala chopangidwa ndi pepala lolimba, mkuwa, labala kapena chitsulo, chimene chimaikidwa pakati pa zigawo ziwiri za injini kuti zigawozo zikamangidwa ndi mabawuti pasatsale mpata woti oyilo, mpweya kapena moto zitulukirepo. Kufunika kwake kumachokera pa mfundo yakuti palibe zitsulo ziwiri zimene zimagwirana ndendende ngakhale zitasalazidwa bwanji ku fakitale, ndiponso kuti chitsulo chikatentha chimafutukuka, aluminiyamu n'kumafutukuka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chitsulo wamba, kotero kuti m'injini imene mutu wake ndi wa aluminiyamu koma mabawuti ake n'achitsulo, zigawozo zimakokana ndi kutayana nthawi iliyonse injini ikatentha ndi kuzizira. Yofunika koposa ndi gasiketi ya kumutu, imene imakhala pakati pa silinda, ndiko kuti chibowo chimene pisitoni imayendamo, ndi mutu wa injini, pamene petulo amayakira. Zinazo zimakhala pansi pa silinda ndi pa zivundikiro za m'mbali, ndipo ntchito yawo n'kungoletsa oyilo kuti asaone dzuwa.

Mlembi wa danga lino, amene m'nkhani ino awerengedwe ngati chitsanzo cha kafukufuku osati ngati katswiri, ali ndi njinga yamoto ya Honda CG125 imene anaigula kwa mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, ndipo iye amaitchula kuti yamakedzana pofuna kuiika m'gulu la zinthu zamtengo wapatali, pamene aneba ake amangoti chiphakasa. Mtundu wa njingayi unatuluka m'chaka cha 1975, akatswiri a kampani ya Honda atayendera maiko a ku Asia m'chaka cha 1974 n'kupeza kuti eni njinga kumeneko amakweza banja lonse pa njinga imodzi, sasintha oyilo mpaka atada bii, ndipo amapita kwa makaniko pokhapokha njinga ikakaniratu kuyenda. Pa chifukwa chimenechi anapanga injini yosavuta, ya mavalavu okankhidwa ndi timitengo tachitsulo tochokera pansi, yoti ipirire nkhanza za mwini wake, ndipo n'zokhudza mtima kuona kuti anthu a ku Japan anamudziwa bwino mlembiyu ndi makhalidwe ake onse asanakumane naye n'komwe.

Njinga yotere ikayamba kudontha oyilo, mwini wake amagwera pakati pa zipani ziwiri. Chipani choyamba chimakhulupirira gasiketi ya jenuwini, kutanthauza imene imagulitsidwa m'paketi ya kampani yopanga njingayo, yokhala ndi nambala yakeyake ya sipeyala. Chipani chachiwiri chimati gasiketi ndi gasiketi basi, ndipo chimagula yopangidwa ndi makampani ena, imene kuno imangotchedwa ya pamsika. Mlembiyu ndi membala wa chipani choyamba kuyambira pa 1 mpaka pa 5 mwezi uliwonse, ndipo masiku otsalawo amapezeka kutsogolo kwa msonkhano wa chipani chachiwiri, akulankhula mwaukali kuposa amene anabadwira momwemo.

Mfundo ya chipani cha jenuwini ndi yolemera ndithu, ndipo yagona pa kuchindikala. Silinda ya CG125 ndi yotambalala mamilimita 56.5, pisitoni imayenda mamilimita 49.5, ndipo zimenezi zimapereka 124cc. Injiniyi imafinya mpweya wosakanizika ndi petulo mpaka utatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9 a malo amene unali, kufinya kumene amakaniko amati kompuleshoni, kutanthauza kuti pisitoni ikafika pamwamba pamatsala kampata ka 15.5cc kokha. Gasiketi ya kumutu ikachindikala theka la milimita kuposa muyezo, kampatako kamawonjezeka ndi 1.25cc, kompuleshoni n'kutsika kuchoka pa 9 kufika pa 8.4, ndipo mphamvu imene yatayikayo siioneka pa msewu wa see koma pa chitunda, makamaka kumbuyo kukakhala apongozi ndi thumba la chimanga. Kuwonjezera apo, m'injini ya timitengo tokankha mavalavu, kusintha kuchindikala kwa gasiketi kumasinthanso mpata wa mavalavu, ndipo wosaubwezera pa muyezo amayenda ndi injini yogogoda imene anthu amaimva iye asanatulukire pa ngodya. Masamu amenewa mlembiyu anawaphunzira bwino, ndipo amawalongosola momveka pa bawo, kwa anthu amene sanamufunse.

Vuto la jenuwini n'lakuti ya njinga ya zaka pafupifupi 50 siipezeka msanga. Makampani amasiya kupanga masipeyala a mitundu yakale, ndipo chotsala chimakhala katundu amene sanagwirepo ntchito koma wakhala pa shelefu kuyambira nthawi imeneyo, woti pepala lake likhoza kukhala litauma, kukhwinyata kapena kufupika moti mabowo sakugwirizananso ndi mabawuti. Magasiketi ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ankapangidwanso ndi asibesitosi, mwala wa ulusiulusi wosapsa ndi moto umene fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo kuphatikizapo khansa, umene dziko la Britain linauletseratu m'chaka cha 1999 ndipo maiko a European Union m'chaka cha 2005. Choncho munthu wopala gasiketi yakale ayenera kuinyowetsa kaye, osaipala youma n'kumauzira fumbi ndi pakamwa monga mwa mwambo wa m'magalaja ambiri. Palinso chinsinsi chimene chipani cha jenuwini sichikonda kuchimva, chakuti makampani opanga njinga nthawi zambiri amagula magasiketi awo ku mafakitale ena n'kungowaika m'paketi yawo, kotero kuti gawo lina la mtengo umene munthu amalipira ndi la paketiyo. Ndipo mtengowo ukaphatikizidwa ndi wa ndege, msonkho wa pachipata ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kapepalako kamafika m'manja mwa mwini wake katadya ndiwo za mlungu wathunthu, nkhani imene kunyumba kwa mlembiyu imakambidwa ana atagona.

Za pamsika nazo si zamtundu umodzi, ndipo apa m'pamene chipani chachiwiri chimasokoneza anthu. Alipo makampani odziwika monga Vesrah ya ku Japan, Athena ya ku Italy ndi Cometic ya ku America, amene amapanga magasiketi a njinga zakale ndi zipangizo zamakono zopanda asibesitosi, ndipo kwa njinga zambiri zimene ozipanga anazisiya kalekale, amenewa ndiwo jenuwini yokhayo yotsala. Koma mlembiyu sakumana ndi amenewa. Iye amakumana ndi paketi yopanda dzina yopachikidwa pa msomali m'kagolosale ka masipeyala, pakati pa mapulagi ndi machubu, imene wogulitsa amalumbira kuti ndi orijino, monga mmene amalumbirira pa chinthu chilichonse cha m'sitolomo kuphatikizapo msomaliwo. Chimene chimakopa n'chakuti injini ya CG inakoperedwa ndi mafakitale ambiri a ku China, ndipo zidzukulu zake ndi zimene zikuyendetsa njinga zambiri za kabaza m'matauni ndi m'midzi, kotero kuti masipeyala ooneka ngati ake ali mbwee. Komabe zambiri mwa zidzukuluzo ndi za 150cc, za silinda yotambalala mamilimita 62, ndipo gasiketi yake ikakhala m'paketi imaoneka chimodzimodzi kwa munthu amene anaiwala magalasi kunyumba ndiponso ali ndi changu chofuna kusunga chenji. Choopsa kwambiri ndi kabowo kakang'ono kodutsa oyilo wopita kumutu wa injini, kamene gasiketi yodulidwa mosasamala ikhoza kukatseka theka kapena konse. Injini yotero siidontha ngakhale pang'ono, mwini wake n'kumadzitama kwa aneba, pamene kumtunda zitsulo zikudyana zouma.

Pansi pa zipani ziwirizi pali kagulu kachitatu kamene mabuku sakatchula, ka amakaniko a pansi pa mtengo wa mango, amene amadula gasiketi kuchokera ku paketi ya Chibuku kapena chikuto cha kope la mwana wa sukulu. Luso lawo si loseketsa ayi: amagoneka katoni pa chitsulo, n'kumagogoda pang'onopang'ono m'mphepete ndi hamala ya mutu wobulungira mpaka chitsulo chomwecho chitadula chithunzi chake, mabowo onse ali m'malo mwake, ndipo pa chivundikiro cha m'mbali, pamene palibe moto kapena kufinya kwakukulu, gasiketi yotere imatha kugwira ntchito kwa nthawi ndithu. Imalephera ikakwezedwa udindo n'kuikidwa kumutu, kumene katoni amapsa injini isanafike pa msewu waukulu. Mlembiyu amalemekeza kaguluka pa chifukwa china chapadera, chakuti njira yawo ndi yokhayo m'sayansi yonse ya injini imene imafuna kuti mwini njinga ayambe wamwa zam'kati mwa sipeyala asanaipereke kwa a makaniko. Mnzake wa katoni ndi silikoni, phala la m'chubu limene limauma n'kukhala labala, limene likapakidwa mowolowa manja limafinyikira m'kati mwa injini, n'kuduka tizidutswa timene timakatseka sefa ndi njira za oyilo, ndipo n'zodabwitsa kuti munthu woumira pa china chilichonse amasanduka mpondamatiki akagwira chubu chimenechi.

Chitonthozo cha mlembiyu chimachokera ku England, kumene kudontha oyilo kunafika pokhala mbiri ya fuko. Njinga za BSA, Norton ndi Triumph, kuphatikizapo Triumph Bonneville imene inatuluka m'chaka cha 1959, zinali ndi bokosi la pansi la injini logawidwa choimirira, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja, moti mzere wolumikizira unkadutsa pansi penipeni pamene oyilo amasonkhana, pamene makampani a ku Japan pa injini zawo zazikulu anayamba kugawa bokosilo chopingasa, pamwamba ndi pansi. Eni njinga zimenezi ku Britain mpaka lero amaika thireyi pansi pa injini m'galaja popanda manyazi, ndipo anthu amawatcha osunga mbiri, pamene munthu wochita zomwezo pa khonde la nyumba ya lendi amatchedwa mayina ena. Iwowa amadziwanso nzeru ya gasiketi ya mkuwa wokhawokha, imene siitayidwa ikagwira ntchito: mkuwa ukafinyidwa umauma gwa, koma ukawotchedwa mpaka kufiira n'kuuziziritsa umafewanso, n'kubwerera pamalo pake. Mlembiyu, amene njinga yake siigwiritsa ntchito gasiketi yotere, amasirira njirayi chifukwa imangofuna mbaula ndi makala, ngakhale kuti mayi a kunyumba kwake ananeneratu kuti mbaula ya pakhomopo ili kale ndi ntchito.

Pofufuza mozama, zimaoneka kuti gasiketi imasenza milandu yambiri imene si yake. Nkhope ya chitsulo imene yakhala ikupalidwa ndi sikuludiraiva kwa zaka makumi anayi imakhala ndi mikwingwirima, mutu wa injini umene unatenthapo mopitirira umapindika pang'ono, ndipo pa malo otere ngakhale gasiketi yochokera ku fakitale dzulo imadontha. Mankhwala ake ndi odziwika: kuika sandipepala wosalala pa galasi lochindikala, n'kumatsetsereza chitsulocho mozungulira mpaka nkhope yonse itafanana, ntchito yofuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono, komanso galasi, limene m'nyumba ya mlembiyu lilipo pa zenera lokha ndipo ndi la eni nyumba. Mabawuti a kumutu nawo ayenera kumangidwa mopingasana, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyeza mphamvu imene imalira ikafika pa muyezo wolembedwa m'buku la njingayo, chifukwa kumanga mbali imodzi mpaka kumapeto kumapendeketsa mutu wonse. Muyezo umene mlembiyu ndi anzake a pa bawo amatsatira ndi wina, wakuti bawuti imangidwe mpaka mtsempha wa pakhosi utaoneka, kenaka iwonjezeredwe pang'ono poopa kuti ingamasuke, ndipo mazinga a m'aluminiyamu akapululuka, msonkhano umagwirizana kuti gasiketi inali feki.

Maganizo a danga lino, amene aperekedwa ndi munthu woti palibe anamupemphapo kuti amukonzere njinga kachiwiri, ndi akuti ndalama zipite pa gasiketi ya kumutu, ikhale ya jenuwini yatsopano kapena ya kampani yodziwika, ndipo isanaikidwe igonekedwe pamwamba pa yakaleyo kuti mabowo onse, makamaka kabowo ka oyilo kaja, aonedwe ngati akugwirizana. Za m'mbali zikhoza kuchokera pa msomali wa pamsika popanda dziko kugwedezeka. Pakhomo pa mlembiyu mfundoyi inaperekedwa ku komiti ya zachuma, imene ili ndi membala mmodzi, ndipo komitiyo itamva za kompuleshoni ya 8.4 inafunsa ngati nambalayo ingaphikidwe. Chigamulo chinali chakuti gasiketi ya kumutu idikire fizi ya teremu yachitatu, njinga izigona kuseri kwa bafa pamwamba pa thumba la feteleza, ndipo wokolopa khonde Loweruka lililonse akhale mwini oyilo.