Kutseka munthu pakamwa osamuchotsa ntchito

Abwana, wantchito wolongolola musamuchotse, mudzathera kukhoti. Gulani mango pa Mangochi Boma, muwasiye pakhonde masiku atatu, kenaka mukhale pansi muphunzire kwa tintchentche tamaso ofiira timene tiunjikanepo. Asayansi amatitcha Drosophila.

Kuti masowo afiire pamafunika jini yotchedwa white, kutanthauza kuyera (musandifunse ine). Jini ili ngati kalaliki wa m'boma: siigwira ntchito mpaka akapitawo ake, ma transcription factor, atafika pakhomo n'kuiuza kuti yambapo. Koma DNA ili ndi zigawo zina zokulungidwa mothina ngati chilimira chopakiridwa m'thumba. Kumeneko ndi ku heterochromatin, dzina lomwe Emil Heitz anapereka mu 1928. Kapitawo akafikako amagogoda mpaka chala kutupa.

Mu 1930 Hermann Muller anafotokoza za tintchentche tomwe anatiwomba ndi X-ray. Chidutswa cha chromosome chinatembenuka, white n'kupezeka yayandikana ndi chigawo chothinacho. Jiniyo sinawonongeke mpang'ono pomwe, koma diso linatuluka lamawangamawanga: maselo ena ofiira, ena zii, ngati netiweki ya foni pakati pa nyanja.

Mwaiona nzeruyo? Wantchito wolongolola uja mulembereni kalata yomusamutsira ku Makanjira mvula ikangoyamba. Malipiro omwewo, udindo womwewo, mawu ake okha ndiwo azikufikani mwa apo ndi apo. Pakhomo pake muikepo mlonda wonga puloteni ya HP1, yomwe ikakhala pamalo anzake amabwera kudzakhala pambali pake, mpaka oyandikana nawo onse ati chete.

Akapitawo anunso muziwayang'anira. Pa nsomba za mbuna zamadonthomadontho za m'miyala ya ku Cape Maclear, zomwe zambiri ndi zazikazi, ofufuza anapeza mu 2009 kuti madonthowo amachokera pa kusintha kwa kayendetsedwe ka kapitawo mmodzi, pax7. Yunifomu yonse kusokonekera chifukwa cha mmodzi.

Musanasaine kalatayo, funsani kaye kwawo kwa munthuyo. Kantchentche kali ndi jini ina, light, yomwe inazolowera kukhala mu heterochromatin momwemo, ndipo imafooka ukaitulutsira poyera. Wanuyo akakhala wamtundu umenewo, ku Makanjira akakanenepa, akakwatirako, ndipo chisankho chikadzatha adzabwera muofesi mwanu ali khansala.